Kapini ka m'Injini

Dzanja la a Tcheyamani linali kale pa kiyi pamene mlamu wawo anafunsa, "Kodi kapini kaja munakasolola?"

A Tcheyamani anacheuka n'kuwayang'ana. Kwa masiku atatu mkuluyu, mtsogoleri wa kalabu ya magalimoto akale, ankaphunzitsa aliyense wodutsa pa galaja yake za chokungira tcheni chatsopano chimene anaika mu injini ya kagalimoto kake kofiira ka mipando iwiri. Chimabwera ndi kapini kogwira sipuling'i. Ukaiwala kukasolola, tcheni imatsala yolenda, ndipo ukaliza injini imadzitafuna yokha.

"Alamu, galimoto iyi ndinayamba kuiphwasula inu musanamere mano," anatero a Tcheyamani.

"Sindikukana. Nanga kapiniko kali kuti?"

A Tcheyamani anapisa dzanja linalo m'matumba onse a ovolosi. Munatuluka switi ndi kansanza, koma kapini munalibe. Chionetsero cha kalabu chinali mawa lake, ndipo chivundikiro cha injini anali atachimanga ndi mabawuti makumi awiri.

Anachotsa dzanja pa kiyi pang'onopang'ono, natsokomola, kenaka anatola sipanala.

"Ndimakuyesani ngati mumamvetsera, alamu. Mwakhoza. Ndiye poti mutu wanu ukugwira, yambani inuyo ndi bawuti yapansiyo."