Tabo Izizire Kaye

Galimotoyo ndinagula kwa Doña Migdalia, mayi wamasiye wa ku Cayey. Inali ya malemu amuna awo, makaniko yemwe sankavula chipewa. Inkafuka utsi moti mlamu wanga Wilfredo ankaitchula kuti mbaula, mkazi wanga n'kumaseka nawo. Ndinatha masabata atatu ndili chagada pansi pake. Ndinasintha oyilo ndi mapaipi, n'kuikamo tabo yokulirapo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini.

Lachisanu kutangoda, mkazi wanga anandituma buledi. Pachitunda cha ku Guavate ndinaona galimoto ya Wilfredo patsogolo panga. Ndinaponda moto. Tabo inaimba likhweru, ndipo ndinamudutsa ngati waima.

"Mbaula ija ndi imeneyi, alamu!" ndinakuwa pawindo.

Nditafika pabekale, chimwemwe chinandiiwalitsa lamulo lakuti tabo ikatentha suzimitsa injini nthawi yomweyo, umaisiya ilire kaye. Nditangokhudza kiyi, dzanja lozizira lonunkha girisi linandigwira pamkono, kuchokera kumbuyo.

"Mphindi ziwiri, mwanawe. Izizire kaye," anatero mawu a bambo wachikulire.

Ndinacheuka. Kumbuyoko kunalibe munthu, koma dzanja lija linali chigwirire mkono wanga. Ndinaika maso pawotchi, injini ikulira. Mphindi ziwiri zitakwana, zala zija zinamasuka pang'onopang'ono, ndipo ndinazimitsa.

Wilfredo anatulukira n'kuimika pambali panga, akupukusa mutu.

"Mwandikwapula alamu, ndagonja. Galimoto mwaikonzadi iyi." Anasuzumira pampando wakumbuyo, kenako n'kuyang'ana uku ndi uku. "Nanga mdala wachipewa uja, amene amandibayibitsa mukundidutsa, watsikira pati?"