Kachingwe ka Neti

"Tasunthani mayi, mukunditchinga. Ndikufuna ndimuone mwana wanga," anatero Mayi Pettiford.

"Dontae? Ndi wanganso ameneyo," anayankha Mayi Hollis osatembenuka. "Lamulungu lililonse amadya kwanga."

Mayi Pettiford anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kani awa ndiwo mayi a makaroni aja, amene Dontae sasiya kuwatchula pafoni chilowereni ku koleji. Iwo anamubereka, n'kumamuchapira majezi kuyambira ali wamng'ono, lero wina azidzitama chifukwa cha mbale ya makaroni?

Timu ya Dontae inali itangotenga chikho cha basiketibolo, ndipo anyamata ankakwera makwerero mmodzimmodzi kukadula neti, monga amachitira opambana. Aliyense amadula kachingwe kamodzi basi.

"Kakubwera kwa ine kameneko," anatero Mayi Pettiford. "Anandipweteka ine pobadwa."

"Tiona. Ine malo ndinakonza kale pakhoma."

Dontae anadula kake, n'kutsika akumwetulira. Amayi onse awiri anatambasula manja. Mnyamatayo anawapsompsona pamphumi, uyu kenako uyu, n'kupitirira mpaka mzere wakumbuyo, komwe anakamanga kachingweko pamkono pa mtsikana wina wovala jezi ya nambala ya Dontae.

Mayi Pettiford anabweza dzanja n'kulipukutira pasiketi.

"Ameneyo ndiye ndani?"

"Ndimati ndifunse inu," anatero Mayi Hollis. "Dontae si mwana wanu?"

"Wanga ndinamutumiza kuno ali ndi ulemu. Uyu ndi wanu mayi, mwamulera nokha ndi makaroni."