Mapemphero Amene Sanafike

Panali mayi wina, telala, amene kutchalitchi kwawo ankamutcha Mayi Amen. Akuti izi zinachitikadi, ndipo amene anandiuza amasoketsa kwa mayiyu mpaka lero.

Dzinali analipeza chifukwa cha foni. Kukacha, asanasukusule n'komwe, amakhala atatumiza kale pemphero m'magulu asanu ndi awiri: chithunzi cha dzuwa likutuluka, vesi pansi pake, ndi mawu oti "Lembani Amen." Kunena zoona, ambiri mwa mapempherowo iye mwini sankawawerenga. Chala chinkathamanga kuposa mtima.

Mayiyu anali ndi mlongo wake wamng'ono, wopenta nyumba, amene mkazi wake anali atamwalira miyezi itatu m'mbuyomo. Ndiye kunagwa mvumbi, mvula ija yosadziwa kukata. Wopenta sapenta khoma lonyowa, choncho bamboyu ankangokhala m'chipinda chake yekhayekha. Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata.

Lolemba m'mawa bamboyu analembera Mayi Amen: "Achemwali, ndatopa. Ndikagwada mawu sakutuluka. Kunja kwada, mumtima mwadanso. Mungabwere?"

Mayi Amen anali ndi mayunifomu khumi ndi awiri a kwaya oti athe pofika Lamlungu. Anasankha chithunzi chokongola cha mtambo ndi utawaleza, n'kutumiza, n'kubwerera pa makina.

Mwamuna wake atamva za uthengawo anati, "Mayi, munthu wanena kuti mubwere."

"Pemphero silifuna ambulera, bambo. Lifika ine ndisanavale nsapato."

"Sanapemphe chithunzi. Wapempha inu."

"Ndipita mvula ikakata."

Mvula sinakate. Ndipo mtima wa mayiyu sunakhale m'malo. Lachiwiri anathyola singano ziwiri. Lachitatu analumikiza mkono wa diresi chakumbuyo, n'kukhalira kusomola. Ankadzuka, kusuzumira pamsewu pomwe madzi ankakokolola mapepala, kukhala pansi, kudzukanso. Nthawi iliyonse mtima ukamubaya, ankatenga foni n'kutumizira mlongo wake pemphero lina, ngati munthu woponyera galu fupa kuti asiye kuuwa. Galuyo anali chikumbumtima chake chomwe.

Loweruka m'mawa mwamuna uja anafunsa, "Kodi alamu ayankha?"

"Sanayankhe. Mwina akusala kudya."

"Tandipatsani foniyo." Anayendetsa chala pang'ono n'kuima. "Taonani apa. Uthenga ukafika pamakhala timatiki tiwiri. Apa pali kamodzi. Apanso kamodzi. Chiyambire Lolemba masana, palibe ndi limodzi lomwe lafika."

Mapemphero makumi atatu ndi limodzi, onse ali panjira. Mayi Amen anachita mantha osati masewera. Anatuluka ndi masilipasi, ambulera anaiwala pakhomo.

Chitseko cha mlongo wake anachipeza chosakhoma. M'katimo munali ndowa ziwiri ndi beseni zotchera madzi odontha padenga. Bedi linali lonyowa mbali imodzi. Diresi la malemu mkazi wake linali chipachikire pamsomali. Foni inali pazenera, m'kachithaphwi ka madzi, yozima.

"Mwabwera lero?" Anali bambo wokonza nsapato wa khomo loyandikana, amene mayiyu sankamupatsa moni chifukwa sankapita kutchalitchi.

"Mlongo wanga ali kuti?"

"Kuchipatala. Chibayo. Ndinamupeza Lachitatu akunjenjemera, asanadye masiku awiri. Kuchipatala ankakana, akuti adikira inu, mpaka dzulo ndinachita kumunyamula. Ine kupemphera sindidziwa, mayi. Ndinkangokhala pampando apo n'kumataya madzi m'ndowa. Koma galimoto iliyonse ikaima panja, ankadzutsa mutu n'kunena kuti, 'Ndi achemwali amenewo.'"

Manyazi anamugwira Mayi Amen mpaka m'mafupa.

Kuchipatala anapeza mlongo wake ataonda, maso atalowa m'kati, diripi ili pamkono. Wodwalayo sanamukalipire. Bola akanamukalipira.

"Achemwali, mwanyowa," anatero motsitsa. "Ndipempherereni. Ine ndalephera."

Mayiyu anapisa dzanja m'chikwama kuti atulutse foni, poti m'menemo munali mapemphero mazanamazana. Wodwala uja anamugwira pamkono.

"Ayi. Ndi pakamwa panu."

Mayiyu anatseka maso, n'kutsegula pakamwa. Zii. Mayi wodzutsa magulu asanu ndi awiri m'mawa uliwonse anasowa mawu ndi amodzi omwe oti auze Mulungu. Apo m'pamene anazindikira kuti panapita zaka asanalankhule ndi Ambuye ndi mawu akeake. Nayenso anali atauma m'kati, kungoti phokoso la makina ndi la foni linkamubisira.

Mvula inkamenyabe pazenera. Misozi inayamba kutsika, ndipo mawu anatuluka ochepa, osakongola, opanda utawaleza.

"Ambuye, tatopa. Ine ndi mlongo wangayu, tonse tatopa. Musatisiye."

Mlongo wake anafinya dzanja lija mwamphamvu. "Amen," anatero, ndipo posakhalitsa anagona tulo tabwino koyamba sabata yonseyo.

Mayiyu anali atalandira ma Amen osawerengeka pa foni. Iyi inali yoyamba kuimva ndi makutu. Anakhala pampando wa pambali pa bedi mpaka tsiku limene mlongo wake anatuluka, ndipo Lamlungu lija kwaya inaimba ndi zovala zakunyumba.

Phunziro: Munthu akakuuzani kuti watopa mumzimu, musamuponyere chithunzi n'kudzimva kuti mwagwira ntchito ya Mulungu. Pemphero ndi labwino, koma nthawi zina Mulungu amafuna kuliyankha ndi mapazi anu. Ndipo mukasowa mawu musaope, "Ambuye, ndatopa" ndi pemphero lokwanira. Tumizirani anzanu nkhaniyi, inde, koma mukatumiza ikani foni pansi, tengani ambulera, mukagogode pakhomo la munthu uja mwamukumbuka mukuwerenga.