Mchira wa Njiri Pansi pa Waya

Mphenzi indiwombe pompano ngati ndiname ngakhale liwu limodzi! Padangokhala Njiri ndi Nungu m'nkhalango yotetezedwa, yozunguliridwa ndi waya wamagetsi. Njiri ankati wayayo ndi ndende, choncho adakumba dzenje pansi pake kuti azikaba chinangwa m'minda ya anthu.

M'mawa wina adapeza Nungu pakhomo pa dzenjelo.

"Achimwene, musalowe," adatero Nungu. "M'menemo mukununkha dzanja la munthu."

"Ukufuna utsogole ndiwe? Unakumba nawo ndi minga yakoyo?"

Njiri adalowa mwaliwiro. Mutu utangotulukira kunja, msampha wa opha nyama udamugwira pakhosi. Akakoka, unkamangirako. Kutsogolo agalu a opha nyamawo adayamba kuuwa, akuyandikira. Kumbuyo ankamva nsapato za alonda a nkhalango akuyendera waya, omwe iye ankawanena kuti ndi asilikali a ndende. Akanalira, agalu ndiwo akanayamba kufika.

"Nungu, mbale wanga, nditani?" adanong'ona.

"Mkati muno mwatsala mchira wokha. Uimikeni kuti alonda auone."

Koma mchirawo udali lende ndi mantha. Nungu adatembenuka, nabwera chambuyo, minga yonse m'matako mwa Njiri. Njiri adameza kulira, mchira njo pamwamba pa udzu! Mlonda wina adauona, adadula msamphawo, namukokera mkati ndi miyendo, agalu atafika kale pa mzere womaliza wa chinangwa.

Mpaka lero Njiri akamathamanga mchira umakhala chiimire, kuopa kuti Nungu angamuthandizenso. Tsikulo adamugwadira Nungu pothokoza. Chabwino, zothokozazo ndapeka ndine, Njiri adangogwada kuti adye udzu.