Njinga ya Malemu Nenita

Panali munthu wina ku Marikina, dzina lake a Teryo, amene akazi awo a Nenita anamwalira chaka chatha. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi makaniko woyandikana nawo nyumba. Ana a banjali onse ali kunja kwa dziko, foni amaimba akakumbuka. M'nyumba munangotsala a Teryo ndi njinga yobiriwira imene mayi aja ankagulitsira buledi m'mawa uliwonse. Njingayo a Nenita anasiyiridwa ndi bambo awo, ndipo mayiwo akutsirizika anauza a Teryo kuti, "Mudzaibwezere kwathu ku Lucban."

Undas itayandikira, tsiku lija aliyense amakayatsa makandulo pa manda a abale ake, a Teryo anati lonjezo likwaniritsidwe, akayatsenso makandulo pa manda a akazi awo ku Lucban komweko. Koma galimoto yawo inali yaing'ono, njinga siikanalowa. Anapeza pa foni kaliyala yonyamulira njinga, yomangirira pa buti ya galimoto, yotchipa kuposa zonse. Wogulitsayo, munthu wosamudziwa n'komwe, anati, "Bwana, imeneyi ngakhale njinga zitatu imanyamula."

Makaniko uja, a Kulas, ataiona anapukusa mutu.

"Achimwene, malamba awa ndi omangira nsapato kapena? Ngowe zake n'zapulasitiki. Yotchipa koma yolimba ilipo, ya ngowe zachitsulo. Tiyeni tikasankhe limodzi."

"Iwe Kulas, ndikunyamula ng'ombe ine? N'kanjinga kamodzi aka."

"Chabwino. Koma malamba atsopano akanyowa amatamuka, muziima panjira n'kumakunga. Ndiponso njingayo musaifunditse pulasitiki, mphepo idzaikoka."

"Ndiye ukufuna Nenita anyowe?"

A Kulas anangobwerera ku ntchito yawo.

M'mawa wa tsikulo kunadzuka mvula. A Teryo anaifunditsa ndithu njinga ija, nsonga za pulasitiki n'kuzipanitsa ndi chitseko cha buti, moti galasi lakumbuyo linatsekeka lonse. Panjira ankangoyankhula okha, kuwauza akazi awo za denga lodontha ndi za ana osaimba foni. Kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro, anamva ngati ali awiri m'galimoto.

Atafika ku Pililla anachepetsa liwiro, pamalo pamene iwo ndi mayi aja ankaima nthawi zonse kudya mpunga ndi msuzi wa nsomba. Apa ndiye panali poyenera kukunga malamba. Koma pa tebulo lawo lija panali banja lina likuseka. Mtima unawapweteka. Akakhala pati okhaokha, ndipo mwini malo akafunsa kuti amayi ali kuti, ayankha chiyani? Anangoponda moto, osaimanso paliponse.

Ku Lucban anawalandira alamu awo a Pining, mng'ono wa malemu.

"Alamu, mwafika! Nanga njinga ya achemwali ili kuti?"

Anazungulira kumbuyo kwa galimoto. Panali lamba mmodzi akulendewera, ngowe itathyoka. Kaliyala palibe, njinga palibe. Pulasitiki yokha ndiyo inatsala, itamatirira pa galasi.

"Tiyeni kaye kumanda, tikafufuza mawa," anatero a Pining.

A Teryo sanamve. Anatembenuza galimoto n'kubwerera msewu womwewo, kuima pa golosale iliyonse, kusuzumira m'ngalande, kufunsa ogulitsa zipatso. Aliyense funso linali limodzi: "Mwaigwetsera pati, bambo?" Iwo sankadziwa. Mwina inagwa pa phiri loyamba, ulendo wonsewo n'kumacheza ndi pulasitiki.

Njinga siinapezeke. Dzuwa linalowa iwo ali m'mphepete mwa msewu, atanyowa zovala zonse, makandulo ali pa mpando osayatsa. Manda onse a ku Lucban anayenderedwa ndi eni ake tsiku limenelo, koma pa manda a Nenita mwamuna wawo sanafike.

Phunziro: Kugula chotchipa si mlandu, koma musanapachikepo chinthu chimene simungachipezenso, funsani wodziwa ndipo mumvereni. Yang'anani malamba ndi ngowe, imani panjira mukunge. Ndipo ngati muli ndi kholo kapena mnansi wotsala yekha, musamusiye ayende ulendo wotere payekha. Atumizireni anzanu nkhaniyi, makamaka ana amene ali kutali ndi makolo awo.