Miyala ya Kunsi kwa Bedi

Mwala utayamba kuchita thovu, Nangozo anachoka pazenera pomwe ankasuzumira, dzanja litafumbata kolona. Mwana wake Silvesta, yemwe anali atabwerako ku yunivesite ya ku Joni, anangodonthezapo timadzi ta m'kabotolo, mwala wouma n'kumawira popanda moto.

Kunsi kwa bedi lake kunali miyala ina yambiri, uliwonse wokulungidwa m'kansanza monga amamangira zithumwa asing'anga. Ku Joni komweko n'kumene mgodi unakwirira bambo a Silvesta. Kodi mwanayu anakakhwimirako?

M'mawa Silvesta atapita ku siteshoni ya Mtakataka, Nangozo anawolera miyala yonse m'dengu n'kukaikhuthulira padziwe lakuya la ng'ona. Pobwera anawaza madzi odalitsidwa m'chipinda monse.

Masana Silvesta analowa thukuta lili kamukamu.

"Amayi, mzungu wa boma woyeza miyala ndabwera naye, ali panjapa. Abwerera ndi sitima yamadzulo. Akaona miyala ya laimu, yochita thovu ukaidonthezera asidi, imene ndakhala ndikutola m'mapirimu chilimwe chonse, andilemba ntchito konkuno. Ndizikhala nanu pakhomo pano."

Nangozo anatsamira chitseko.

"Nanga akapanda kuiona, mwanangu?"

"Ndiye kuti ndingovomera ntchito ya kumgodi ku Joni. Anandiitana kale, akufuna wodziwa miyala woti azitsika pansi." Silvesta anaseka. "Koma musaope, Amayi. Zonse zili m'malo."

Anagwada n'kupisa dzanja kunsi kwa bedi.