Memori Inadzaza, Mlamu Anachotsedwa Ntchito

Panali munthu wina wolemba mapulogalamu a kompyuta, anzake ankamutcha Changu chifukwa chilichonse ankafuna chithe pompopompo. Ntchito anamupezera ndi mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, amene analinso womuyang'anira pa kampani ina yosunga zotsatira za magazi za odwala m'zipatala.

Tsiku lina Changu anapatsidwa mndandanda wautali, wa mizere mamiliyoni, kuti aukonze. Anagawa ntchitoyo kwa mapurosesa khumi, tizigawo ta kompyuta togwira ntchito, kuti azigwira nthawi imodzi. Koma purosesa iliyonse inkanyamula mndandanda wonsewo n'kuuika m'memori, momwe kompyuta imasungamo zimene ikugwirapo ntchito.

Mlamu wake ataona anati, "Alamu, memoriyi ili ndi malire. Purosesa iliyonse muziipatsa kachigawo kake, ikamaliza ichotse, itenge kena."

"Ndayesa kale, zikuthamanga bwinobwino."

"Pa mizere ingati?"

"Chikwi chimodzi."

"Chikwi si mamiliyoni. Kakonzeni."

Changu anapita kukakhala pampando wake, osakonza kanthu. Madzulo anabwerera nati, "Ndakonza." Mlamu uja sanayang'anenso, anangosaina chikalata chovomereza pulogalamuyo. Nanga wachibale ungamukayikire?

Lolemba m'mawa Changu anayatsa pulogalamu ija pa kompyuta yaikulu. Pasanathe mphindi khumi memori inadzaza, kompyuta inaima ili mkati molemba, zotsatira zambiri n'kuwonongeka. Masiku atatu madokotala ankabweza odwala. Ena anachokera kutali, n'kuuzidwa kuti awatengenso magazi.

Bwana wamkulu wa kampaniyo anawaitana onse awiri. "Wachita izi ndani?"

Changu anayang'ana pansi. "Ine ndimangolemba, bwana. Amene amavomereza ndi awa."

Mlamu uja sanatsutse, pakuti siginecha inali yake. Anachotsedwa ntchito pomwepo. Anatola kapu yake ndi chithunzi cha ana ake patebulo, natuluka.

Loweruka Changu anapita kwa mlongo wake atanyamula shuga ndi buledi. Mlongoyo anaima pakhomo, osasuntha.

"Achimwene, chaka chathunthu munagona pa sofa pathu mulibe ntchito. Bambo a ana awa ankakubwerekani ngakhale nsapato zopitira ku intavyu. Shuga wanuyo mukamwere kwanu."

Changu akugwirabe ntchito pamalo paja. Chakudya chamasana amadya yekha.

Phunziro: Chimene chayenda pa zochepa sichitanthauza kuti chiyendanso pa zambiri. Katundu wamkulu amanyamulidwa pang'onopang'ono. Ukakana malangizo n'kunama, chilango chimagwera amene anakukhulupirira. Tumizirani ena, makamaka aja oti akauzidwa amangoti "ndikudziwa kale".